Funsani Aphunzitsi: Kutchula Dzina la Chipangizo Si Kuyankha Funso

Makalata a mwezi uno ambiri achokera ku Kasungu, ndipo pafupifupi onse akudandaula za phunziro limodzi, Literature in English. Tasankhapo 6. Oyankha ndi aphunzitsi a Chingerezi a ku sekondale amene amathandiza pa tsamba lino.

FUNSO: Zikomo aphunzitsi. Ndinaloweza zipangizo za ndakatulo zoposa 20 pamodzi ndi matanthauzo ake, koma malikisi sakukwera. Penanso simile ndi metaphor zimandisokoneza. Kodi ndikulakwitsa pati?
Mtsikana wa Fomu 3, Santhe

YANKHO: Mwanawe, kulowezako si kulakwa, koma panopa uli ngati munthu wodziwa mayina a zida zonse za kalipentala, sowo, hamala, tepi, koma sanakhomepo msomali. Wochonga mayeso safuna dzina lokha. Yankho lokwanira limakhala pa mafuwa atatu: mawu enieni otengedwa m'ndakatulomo, dzina la chipangizo, ndi ntchito imene chipangizocho chikugwira pamalo amenewo. Ukachotsapo fuwa limodzi mphika umapendekeka, ndipo limene ana ambiri amaliiwala ndi lachitatulo.

Titengere ndakatulo ya David Rubadiri, An African Thunderstorm. Iye akuti mitambo ikubwera ndi mphepo kuchokera kumadzulo "like a plague of locusts". Mwana wina amangolemba kuti simile, n'kudumphira funso lotsatira. Wina amaonjezera kuti mlakatuli akufanizira mitambo ndi dzombe. Ameneyu wayandikira, koma wangobwereza zimene zili kale papepala. Wokhoza ndi amene wanena kuti dzombe limabwera lochuluka, limadetsa kumwamba, ndipo kumene latera limasiya minda ili mbee, choncho mlakatuli akutiuza kuti ikubwerayi si mvula yodzalira, ndi chimvula choononga.

Ntchitoyo uziipeza chonchi. M'mphepete mwa pepala lemba zinthu zitatu zimene ukudziwa za chinthu chofanizirachi. Dzombe: ndi lambiri, limaononga, ndi ndiwo. Kenaka fufuta chimene sichikugwirizana ndi ndakatulo yonse. Zoti ndi ndiwo n'zoona, tonse timalidya, koma Rubadiri sankaganiza za nsima. Ziwiri zotsalazo ndilo yankho lako.

Tsono za kusokonezekako. Simile ndi chija umachidziwa kale m'kalasi ya Chichewa kuti chifanifani: "mnyamata uja ndi wochenjera ngati kalulu". Ukachotsa "wochenjera ngati" n'kunena kuti "mnyamata uja ndi kalulu", wapanga metaphor. Kufanizirako kulipobe, koma mlatho wachotsedwa, wowerenga awoloke yekha. M'Chingerezi mlathowo ndi like kapena as. Koma chenjera, si like aliyense amene ali chifanifani. "I like groundnuts" ndi kukonda mtedza basi. "As the sun rose" ndi nthawi. Ngakhale "she is tall like her mother" si chifanifani chenicheni, chifukwa munthu akuyerekezedwa ndi munthu mnzake. Zinthu ziwirizo ziyenera kukhala za mitundu yosiyana, monga mtambo ndi dzombe.

Metaphor nthawi zambiri siima poyera ndi mawu akuti is. Imabisala m'mneni kapena m'mfotokozi. M'ndakatulo yomweyi muli "pregnant clouds", mitambo yoyembekezera. Mtambo sukhala ndi pakati, ndiye kuti wapatsidwa khalidwe la mayi wodwala pakati amene watsala pang'ono kuchira. Kodi imeneyi ndi metaphor kapena personification, chija timati umunthu? N'zonse ziwiri, pakuti umunthu ndi mtundu wa metaphor. Pamayeso sankha dzina lolunjika kwambiri, lomwe pano ndi personification, ulifotokoze.

Msampha wina ndi wa chikhalidwe. Kwa ife wochenjera ndi kalulu, kwa Angerezi ndi nkhandwe. Kadzidzi kwa ife ndi mbalame ya malodza, pamene m'zolemba zambiri za Chingerezi amaimira nzeru. Komabe usangoloweza kuti "kadzidzi ndi nzeru", chifukwa mu sewero la Macbeth kadzidzi amalira usiku umene mfumu Duncan ikuphedwa, ndipo pamenepo Shakespeare akugwirizana ndi agogo ako a ku Santhe. Tanthauzo uziliona pa mizere yozungulira.

FUNSO: Ndinalemba kuti "mlakatuli akudandaula kuti mwamuna wake wamusiya", aphunzitsi n'kundithetha. Chalakwika n'chiyani?
Mnyamata wa Fomu 4, Mtunthama

YANKHO: Wasokoneza mlakatuli ndi woyankhula, amene m'Chingerezi timati persona. Mlakatuli ndi amene anagwira cholembera. Woyankhula ndi mawu amene tikuwamva m'ndakatulo, ndipo angakhale mkazi, mwana, mtembo, ngakhale mtengo. Okot p'Bitek wa ku Uganda anali bambo, koma mu Song of Lawino ya 1966 amene akuyankhula ndi mkazi wodandaula za mwamuna wake Ocol. Zili ngati wovina gule: amene ukumuona pabwalo si amene ungamutchule dzina. Pa zimene zikunenedwa ndi kumveka mumtima uzilemba "the persona" kapena "the speaker". Mawu akuti "the poet" uziwasungira pamene ukukamba za luso, monga kusankha mawu ndi kakonzedwe ka ndime.

FUNSO: Aphunzitsi, irony yandikanika. M'kope muli mitundu itatu koma ndikawerenga buku sindiiona.
Wophunzira wa sukulu yoyendera, Chamama

YANKHO: Umaiona tsiku ndi tsiku, mwanawe, kungoti sunaiuzidwe dzina. Ukaswa mbale mayi n'kunena kuti "Wachita bwino, tenganso inayo uswe", sutenga mbale yachiwiri. Ukudziwa kuti mawu akuloza kum'mawa pamene tanthauzo lili kumadzulo. Imeneyo ndi verbal irony. Ikakhala ndi mano, yofuna kupweteka munthu, imasanduka sarcasm, kunyogodola.

Mitundu yonse itatu ili ndi fupa limodzi: pali mpata pakati pa zinthu ziwiri. Pa mtundu woyamba mpatawo uli pakati pa zonenedwa ndi zotanthauzidwa. Pa situational irony uli pakati pa zoyembekezeka ndi zochitika, monga mmisiri wa zitseko amene pakhomo pake amatseka ndi chiguduli. Pa dramatic irony uli pakati pa zimene woonerera akudziwa ndi zimene mpangankhani akudziwa.

Wachitatuwu ndi umene wadzaza mu Macbeth. Mu Act 1, Scene 5 timamva Lady Macbeth, mkazi wa Macbeth, akukonza zoti mfumu isatuluke yamoyo m'nyumba mwake. Mu Scene 6 Duncan akufika pakhomo pomwepo n'kuyamba kuyamikira kuti malowa ndi okongola, kamphepo kake n'kabwino. Iye sakunama ndipo sakunyoza, akunena zochokera pansi pa mtima. Irony ili mwa ife oonerera, amene tikudziwa kuti mbuzi ikuyamikira khola la wogula nyama. Bwerera pang'ono ku Scene 4. Duncan, atakhumudwa ndi nduna yake youkira, Thane wa Cawdor, akuti palibe njira yodziwira mtima wa munthu poyang'ana nkhope. Asanapume n'komwe akulowa Macbeth, amene wangopatsidwa udindo wa woukirayo, ndipo mfumu ikumulandira ndi manja awiri.

Poyankha uzigwiritsa ntchito chiganizo cha mbali ziwiri: akuganiza kapena akunena zakuti, koma zoona zake ndi zakuti. Ngati mbali yachiwiri sukuipeza, ndiye kuti si irony. Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa amatcha tsoka lililonse irony. Mvula kugwa tsiku la ukwati ndi tsoka chabe. Kukumana ndi mnansi wako mu basi ya ku Lilongwe n'kungochitika. Payenera kukhala kutembenuka, chinthu chibale chosemphana ndi chimene chinkayenera kubala. Macbeth anadalira ulosi woti palibe wobadwa mwa mkazi amene angamuphe, ndipo chidaliro chomwecho ndicho chinamuimika maso ndi maso ndi Macduff, amene anachita kutulutsidwa pong'amba mimba ya mayi ake. Chishango ndicho chinasanduka msampha.

FUNSO: Ndine mphunzitsi watsopano pa CDSS ina. Ndimafuna kuti ana adziweko Romanticism, Realism ndi Modernism, koma ndikalemba zaka pa bolodi amangokopera, mawa lake aiwala. Ndiphunzitse bwanji?
Mphunzitsi, Nkhamenya

YANKHO: Aphunzitsi anzathu, zaka muzizisiya kumapeto. Nyengo za kalembedwe zimenezi si mndandanda wa mafumu. Iliyonse inabadwa potsutsa imene inalipo, ndipo mwana akamva mkanganowo zaka zimadzakhala zokha m'mutu.

M'zaka za m'ma 1700 alakatuli a ku England monga Alexander Pope ankalemekeza dongosolo, nzeru zodekha ndi kutsanzira Agiriki ndi Aroma akale. Mizere inkayenda iwiriiwiri yomveka mofanana kumapeto, yosalala ngati pansi pozira bwino. Mu 1798 William Wordsworth ndi Samuel Taylor Coleridge anatulutsa Lyrical Ballads, ndipo Wordsworth anati akufuna kulemba za anthu wamba akumidzi m'chiyankhulo chimene anthu amayankhuladi. Nthawi imeneyo mafakitale ankameza midzi, ndipo ku France anthu anali ataukira ufumu mu 1789. Apo ndi poyambira Romanticism m'Chingerezi. Zizindikiro zake papepala ndi izi: munthu mmodzi ali yekha akuti "ine", phiri, mtsinje kapena mbalame zikumuphunzitsa kapena kumutonthoza, mtima ukuposa mutu, ndipo mwana, mbusa wa nkhosa ndi wosauka akulemekezedwa. Keats, Shelley ndi Byron ndi a gulu lomweli, ndipo onse atatu anafa ali anyamata pakati pa 1821 ndi 1824.

Cholakwa chimene mudzachipeze m'makope ambiri n'choti Romanticism ndi ndakatulo za chikondi, ndiye Romeo and Juliet n'kuikidwa m'gululi. Chiduleni msanga. Shakespeare anamwalira mu 1616, zaka 182 Lyrical Ballads isanatuluke.

Pofika pakati pa zaka za m'ma 1800 olemba ena anatopa ndi mapiri ndi maluwa. Anati tiyeni tione lendi, ngongole, malipiro ndi fungo la m'tauni. Imeneyo ndi Realism, ndipo nyumba yake ndi nthano yaitali. Hard Times ya Charles Dickens ndi ya 1854, Madame Bovary ya Gustave Flaubert inatuluka ngati buku mu 1857, ndipo Middlemarch ya George Eliot, amene anali mayi wotchedwa Mary Ann Evans, ndi ya 1871 mpaka 1872. Mwana akaona mitengo ya zinthu, mayina a misewu, anthu oyankhula monga a kwawo amayankhulira, ndi wofotokoza nkhani wodziwa za m'mitima ya onse, adziwe kuti ali m'dera limeneli. Mphukira yake ndi Naturalism ya Émile Zola, imene imaonetsa munthu atapanikizidwa ndi umphawi, chibadwa ndi malo okhala, ngati mbewa mu diwa.

Kenaka kunabwera nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Anthu mamiliyoni atafa, olemba ambiri sanakhulupirirenso kuti moyo ndi nkhani yoyenda bwinobwino kuchokera poyamba kukafika pomaliza. Modernism imalemba zidutswa. Mizere siyenderanso muyeso, nthawi imadumphadumpha, ndipo timalowa m'mutu mwa mpangankhani n'kumamva maganizo ake momwe akubwerera, luso lotchedwa stream of consciousness. Chaka chosavuta kukumbukira ndi 1922, pamene The Waste Land ya T. S. Eliot ndi Ulysses ya James Joyce zinatuluka. Mrs Dalloway ya Virginia Woolf, ya 1925, ndi buku lonse la tsiku limodzi mu London.

Njira yophunzitsira yomwe imagwira ndi iyi, ndipo imakwana m'periodi imodzi ya mphindi 40. Mphindi 5 zoyamba jambulani ndi mawu chithunzi chimodzi chimene ana onse a ku Kasungu amachidziwa: tenanti wakhala pa chigafa madzulo, fodya akuuma pamwamba pake. Gawani kalasi m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse mulipatse kapepala ka zizindikiro zitatu za nyengo yake popanda magulu enawo kuona. Apatseni mphindi 15 alembe mizere 8. A Romanticism amuonetse akuyang'ana dzuwa likulowa kuseri kwa phiri la Kasungu, mtima ukubwerera ku ubwana. A Realism atiuze mabelo angati, ngongole ya feteleza ndi ya chimanga cha phoso ndi zingati, adzatsala ndi chiyani bwana akadula zake. A Modernism atilowetse m'mutu mwake. Mphindi 15 zotsatira awerenge mokweza, anzawo alote nyengo ndi kunena umboni. Mphindi 5 zomaliza ndi pamene mulembe zaka pa bolodi.

Zimene zimaonongeka n'zodziwikiratu. Gulu la Realism limayamba kulalikira kuti umphawi ndi woipa. Auzeni kuti aonetse sikelo ndi kope la ngongole, chiweruzo asiyire wowerenga. Gulu la Modernism limalemba zopanda mutu poganiza kuti ndiwo malamulo ake. Apatseni lamulo limodzi: ganizo lisadumphe popanda chochititsa, kaya fungo, phokoso kapena mawu. Fungo la fodya limukumbutse malaya a bambo ake, malayawo amukumbutse maliro, maliro amukumbutse ndalama ya basi yobwerera kwawo.

Musalekere ku Ulaya. M'zaka za m'ma 1930 ku Paris, Léopold Senghor wa ku Senegal, Aimé Césaire wa ku Martinique ndi Léon Damas wa ku French Guiana anayambitsa Négritude, yonyadira khungu lakuda ndi chikhalidwe cha mu Africa poyankha atsamunda amene ankazinyoza. Mu 1958 Chinua Achebe anatulutsa Things Fall Apart, ndipo mutu wa bukulo anautenga mu ndakatulo ya W. B. Yeats, The Second Coming. Pamenepo mwapezeratu chitsanzo cha allusion, kutchula za m'buku lina mosalitchula dzina. Kwathu kuno lamulo loona ndi kuletsa zolemba linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1970 ku Chancellor College kunayamba Writers Group. Alakatuli a nthawi imeneyo sakanatha kudzudzula boma poyera, ndiye ankabisala m'nthano za makolo ndi m'zinyama. Steve Chimombo anagwiritsa ntchito Napolo, Jack Mapanje bilimankhwe, mu Of Chameleons and Gods ya 1981. Ngakhale anabisa chotero, Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ana akamva zimenezi amasiya kuganiza kuti symbolism, kugwiritsa ntchito chinthu china poimira china, ndi zokongoletsera chabe.

Maperiodi awiri kapena atatu akwana pa zonsezi. Nthawi yambiri ipite ku mabuku amene ali pa silabasi. Ndipo muwachenjeze kuti malire a nyengozi sali ngati a munda odzalidwa khonje: wolemba mmodzi amatha kuponda mbali ziwiri.

FUNSO: Alliteration, rhyme scheme ndi metre ndimalephera nthawi zonse, chonsecho ndakatulo za Chichewa ndimakhoza. Bwanji?
Mnyamata wa Fomu 3, Chisemphere

YANKHO: Chifukwa khutu lako linaleredwa ndi Chichewa, ndipo zilankhulo ziwirizi zimaimba mosiyana. Tamvera: "chingwe chachitali chija chaduka". Mawu onse ayamba ndi ch, koma palibe luso pamenepo, ndi mgwirizano wa galamala basi. M'Chingerezi mulibe zimenezo, choncho liwu likabwerezedwa kumayambiriro kwa mawu oyandikana, mlakatuli wachita dala, ndipo uyenera kunena chifukwa chake. Liwu la s lobwerezedwa limatha kumveka ngati njoka kapena kunong'ona, la b ndi d ngati kugunda. Uzimvera liwu, osati kuyang'ana lembo. City ndi cat ayamba ndi lembo limodzi koma si alliteration. Phone ndi fish ndi alliteration, knee ndi night chimodzimodzi. Light ndi river ayi, ngakhale lilime lathu limafuna kuti l ndi r akhale pachibale.

Onomatopoeia ndi mbali imodzi yokha ya mvekero. "Phofo" ndi "thapsa" akutsanzira phokoso, ngati buzz, hiss ndi crash. Koma "mbee", "bii" ndi "psuu" akunena za mtundu, ndipo amenewo sangalowe m'gululi.

Rhyme ndi yotsika mtengo m'Chichewa chifukwa mawu athu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u. Chingerezi chili ndi malembo asanu omwewo koma maliwu ake ndi pafupifupi 20, ndipo kalembedwe kamanamiza. Rough ndi though akuoneka ngati mapasa koma samveka mofanana. Ship ndi sheep, kapena heart ndi hut, kwa ife amamveka amodzi koma si amodzi. Chita chonchi: werenga mokweza mawu omaliza a mzere woyamba, ulembe a. Mzere wachiwiri ukamveka mofanana ulembenso a, ukasiyana ulembe b, mpaka kumapeto. Pamene ukukayika, tsegula dikishonale uone zizindikiro za katchulidwe. Ndakatulo ikakhala ya mizere 14 ganizira sonnet. Ya Shakespeare imayenda abab cdcd efef gg, ya ku Italy imagawika 8 ndi 6. Funa pamene ganizo likukhota, kawirikawiri pa mzere 9 kapena 13, pa mawu onga but kapena yet. Funso la tanthauzo limakonda kukhala pokhota pomwepo.

Metre ndi kuwerenga maphatikizo, ndipo apa ndi pamene Chichewa chimakupunthwitsa. Ife sitikonda kuthera mawu pa lembo lopanda liwu, ndiye timaonjezera. Desk ndi phatikizo limodzi, ife timati de-si-ki, atatu. School ndi limodzi, ife su-ku-lu. Ukawerenga mzere wa Shakespeare motero upeza 15 pamene pali 10. Ika dzanja pansi pa chibwano, utchule ngati Mngerezi, uwerenge kutsika kwa chibwano. Komanso ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto nthawi zonse, pamene m'Chingerezi kulemera kumasuntha: PREsent ndi mphatso, preSENT ndi kupereka.

Iambic pentameter ndi maphatikizo 10 m'magulu 5, lililonse lopepuka kenaka lolemera: ta-TAM kasanu. Mawu oyamba a Macbeth m'sewero lonse ndi chitsanzo choyera: "So foul and fair a day I have not seen". Omba m'manja pa foul, fair, day, have, seen. Afiti a m'seweroli sayankhula chotero. Iwo amayamba ndi lolemera ndipo amagunda kanayi, "Double, double toil and trouble", ngati nyimbo ya pamtondo yotembenuzidwa. Khutu la woonerera limadziwiratu kuti awa si anthu anzathu. Ndipo Lady Macbeth, amene poyamba ankayankhula m'mizere yoyezedwa, mu Act 5, Scene 1 akuyenda ali m'tulo akuyankhula zodukaduka zopanda muyeso. Ukanena kuti kusweka kwa mizere kukuonetsa kusweka kwa mutu wake, wafika pa fuwa lachitatu lija tauza mnzako wa ku Santhe.

FUNSO: Ine sukulu ndinalekera Sitandade 8. Mwana wanga wamkazi akuwerenga buku lotchedwa The Pearl. Analemba kuti theme yake ndi yoti tisamakhale adyera, aphunzitsi n'kulemba ndi bolopeni yofiira kuti limenelo ndi phunziro, si theme. Iye wakhumudwa, inenso sindikumvetsa. Ndingamuthandize bwanji?
Mayi wa ku Chulu

YANKHO: Mayi, mwana wanu sanalakwe kwenikweni, wangotengera mwambo wa nthano zathu, zimene zimatha ndi kutilangiza. Phunziro limalamula: tisatero, tizitero. Theme siilamula, imanena zimene bukulo likuonetsa za moyo. Pali masitepe atatu. Mawu amodzi, monga dyera kapena umphawi, ndi mutu chabe. Akawasandutsa chiganizo, monga "chuma chobwera mwadzidzidzi chimadzutsa dyera mwa anthu ozungulira wosauka", ndiye theme. Akatchula zochitika ziwiri kapena zitatu za m'buku zotsimikizira, ndiye yankho.

Pali chinanso chimene aphunzitsi ake ayenera kuti anachiona. Ana ambiri amathira mlandu wonse pa Kino, bambo wosauka amene anapeza ngale (pearl). Koma taonani zimene ankafuna: ukwati wa kutchalitchi, zovala, mkondo watsopano wophera nsomba, mfuti, ndiponso kuti mwana wake Coyotito apite kusukulu adzathe kuwerenga. Kodi limeneli ndi dyera? Dokotala anakana kuthandiza khanda lolumidwa ndi chinkhanira chifukwa makolo analibe ndalama, koma atamva za ngale anabwera yekha pakhomo. Ogula ngale a m'tauni ya La Paz ankaoneka ambiri ngati akupikisana, chonsecho onse ankagwirira bwana mmodzi. Ngale imene Kino ankaiwerengera mapeso 50,000 anaiikira 1,000, n'kudzakweza kufika 1,500 ataona kuti akuchoka nayo. Inu amene munaimapo ndi thumba la mtedza pamaso pa mavenda atatu onena mtengo umodzi, mutu umenewu mungauphunzitse kuposa ife. John Steinbeck analitulutsa mu 1947, nkhani yake ndi ya ku Mexico, koma sikelo yake ndi yomweyo.

Ngaleyo ndi symbol, chinthu chooneka choimira zosaoneka, ndipo tanthauzo lake siliima malo amodzi. Bukuli lili ndi mitu 6. Mwana ajambule m'kope mizere 6 ndi madanga atatu: chachitika n'chiyani, ngale ikuoneka bwanji kwa Kino, mkazi wake Juana akuti chiyani za iyo. Adzaona yekha kuti m'mutu 2 ndi 3 ndi chiyembekezo chonyezimira, koma usiku womwewo wakuba atalowa, Juana ayamba kale kuitcha yoipa. M'mutu 5 Kino akumenya mkazi wake chifukwa cha iyo, akupha munthu, bwato labooledwa, nyumba yapsa. M'mutu 6, mwana atafa ndi chipolopolo, ngale yomweyo ikuoneka yotuwa ngati chilonda. Wolemba kuti "ngale ikuimira chuma" n'kulekera pomwepo wangotola chipatso chimodzi mumtengo wodzaza.

Thandizo lanu silifuna Chingerezi. Madzulo mukamaswa mtedza, akufotokozereni mutu umodzi m'Chichewa buku lili chitsekere. Akanena kuti uje ndi woipa kapena uje ndi wolimba mtima, mufunseni kuti "Waona pati? Anachita chiyani?" Akakakamira, atsegule apeze tsamba. Masiku 6 buku latha. Tsiku lomaliza mumufunse kuti anaponya ngale m'nyanja ndani. Ambiri amati Juana, chifukwa ndiye anayesa kutero m'mutu 5. Ayi. Kino anamupatsira kuti aponye, Juana anakana, ndipo anaponya ndi Kino mwini.